Ndayalanso malonda: zikomo agogo, zikomo abale

Dzulo m'mawa ndayalanso malonda anga, koyamba chichokereni usiku wa pa 8 Okutobala 2024 pamene moto unanyeketsa Mbare Musika, msika waukulu wa ku Mbare mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndi kutisiya amalonda zikwizikwi tili manja lende. Ndikulemba thupi lili lolemera ndi kutopa, koma sindikufuna kugona ndisanathokoze. Nkhani ya motowo nonse mukuidziwa. Ine ndinataya matumba 6 a nyemba, awiri a mtedza, kapenta amene ndinali nditangopikula kumene pa ngongole, sikelo, ndiponso kabuku kamene ndinkalembamo maina a ondikongola. M'mawa mwake ndinapeza malata opindika ndi phulusa lotentha, ndipo malo anga ndinawazindikira chifukwa cha mwala umene ndinkachirikizira mwendo wa tebulo.

Motowo unatipeza tili ofooka kale. Chilala chimene boma linachilengeza mu Epulo kuti ndi ngozi ya dziko lonse chinali chitakweza mtengo wa ufa, ndalama ya dziko lino ya ZiG inali itangogwa mphamvu kumapeto kwa Sepitembala, ndipo madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsiwo ankatha kuzima maola 18 pa tsiku. Choncho nditabwerera kunyumba ku Mufakose ndinagona moyang'ana khoma masiku awiri, ndipo ngakhale ana anga atatu sindinkawayankha bwino.

Agogo a nyumba yoyandikana nafe, mawu awa kwenikweni ndi anu. Foni mulibe, koma mdzukulu wanu walonjeza kuti akuwerengerani osadumpha liwu. Tsiku lachitatu, kusanache, munagogoda pachitseko changa mutanyamula zigubu ziwiri, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndiperekezeni kumjigo, miyendo yangayi ikukana." Ndinadzuka chifukwa munthu wamkulu sakanidwa. Patapita masabata ndipamene ndinamva kuti m'nyumba mwanu ndowa zinali zodzaza, mdzukulu wanu anali atatunga madzulo ake. Munanama kuti munditulutse m'nyumba, ndipo bodza limenelo ndidzalithokoza mpaka kufa.

M'mawa umenewo sindidzauiwala. Mumsewu munali mutayoyokera maluwa a jakaranda, ndipo inu munaima, munatola limodzi n'kundiuza kuti mitengoyo ikachita maluwa mvula siili patali. Pamzere wa kumjigo munandikhazika pa chigubu, munamasula kansalu, n'kutulutsamo mbatata yophika yofundabe, ndipo munainyema pakati. Inali chinthu choyamba chimene ndinachimva kukoma m'kamwa mwanga chichitikireni ngoziyo. Za motowo simunandifunse chilichonse. Munandisimbira za mmene munabwerera kuno kuchokera ku Dedza kutsatira malemu agogo aamuna, mzinda uno ukadali Salisbury ndipo dzina loti Harare likadali la Mbare, ndi mmene munalirira mwezi wathunthu chifukwa chosamva Chishona.

Kuchokera tsiku limenelo simunandisiye wopanda chochita. Madzi otsukira mbale munkati tisataye, tizithirira kadimba kanu ka kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinayamba kudzuka ndi chidwi chofuna kukaona ngati maungu aturutsa tsamba lina. Masana munkandiitana pamphasa kuti tisankhe nyemba mu lichero, inu kuchotsa zofumbwa, ine timiyala, ndipo manja anga anakumbukira ntchito yawo mtima usanavomere. Tsiku limene tinathyola nkhwani woyamba munasinja nsinjiro mumtondo wanu wakale uja, ndipo mwana wanga wamng'ono ananyambita mbale n'kufunsa ngati mawa tidyanso wotendera. Ndinatuluka panja kukalira, koma kunali kulira kwina, kosiyana ndi kwa masiku oyamba.

Ndikumbukiranso usiku umene mvula inagwa ya mphamvu, magetsi n'kubwera cha m'ma 10 koloko. Msewu wonse unafuula, ndipo ngumbi zinadzaza pa babu la pakhonde panu. Ana anathamanga ndi mabeseni a madzi, inu muli pampando mukuwalangiza mokweza ngati mtsikana. Tinazikazinga pambaula usiku womwewo, kamchere pang'ono, fungo la dothi lonyowa likulowa pakhomo. Ngongole ya kapenta inalipo ndithu, fizi ya ana inalipo, koma ndinagona tulo usiku umenewo. M'mawa mwake ndinagwada n'kupemphera, patapita nthawi yaitali ndikungotsinzina osanena kanthu.

Sabata yatha munandiitanira kuchipinda kwanu, munamasula mfundo ya chitenje, n'kundiika m'manja madola 30 a chipereganyu chanu, ndalama imene ndikudziwa kuti munaisungira mankhwala a miyendo. Nditakana munandikalipira, munati mpamba saubweza pakhomo. Ndowa ya nyemba imene ndayala dzulo ndi yanu, agogo. Ndidzabweza, ngakhale mwati ndisatero.

Ndikuthokozanso amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu chifukwa cha ufa, sopo ndi mapemphero a m'nyumba mwanga. Alamu anga a ku Johannesburg, munatumiza ya fizi musanapemphedwe. Mnzanga wa Chishona amene wandigawira theka la tebulo lake, sumva Chichewa chonse koma ana akumasulira. Kondakitala wa kombi amene kawiri konse anakana ndalama yanga atamva fungo la utsi pa zovala zanga, dzina lake sindilidziwa, Mulungu amamudziwa. Ndipo pali amayi awiri amene anabwera okha kudzabweza ngongole, akudziwa bwino lomwe kuti kabuku kanapsa ndipo ndinalibe umboni uliwonse. Mmodzi anabweretsa madola atatu okha, koma ulemu umene anandipatsa tsiku limenelo sungagulidwe.

Ena amene maina awo anali m'kabuku komweko tsopano amawoloka msewu akandiona, ndipo ena a magazi amodzi ndi ine foni zawo zinasiya kugwira kuyambira mu Okutobala. Sindikutchulani maina. Zinandipweteka kwambiri ndipo sindibisa, koma agogo andiletsa kusunga mangawa, ndiye mukabwera pa tebulo ndidzakuyezerani nyemba monga kale.

Ambuye Mulungu, Inu amene munandisunga ndi mbatata yonyema pakati, ndi tsamba la dzungu ndi ngumbi za pakhonde, kumbukirani anzanga a ku Mbare amene mpaka lero sanayambenso malonda. Limbitsani miyendo ya agogo, muwaonjezere masiku, ndipo mundipatse maso oona mnzanga akagona moyang'ana khoma.

Kasitomala woyamba dzulo anagula nyemba za dola imodzi, ndipo dola imeneyo sindinaisakanize ndi zina. Ndaguliramo mkate. Agogo, mawa m'mawa musadzuke, ndine ndidzagogoda kwanu. Zigubu ndanyamula kale, kumjigo ndipita ndekha, ndipo pobwera tidzamwa tiyi pamphasa yanu ndisanakwere kombi.