Zikomo a kwathu ku Kasungu, zikomo amayi a ku Santhe

Mayeso a semesita yoyamba ndamaliza dzulo. Thupi likungofuna tulo, koma sindingagone ndisanathokoze, poti ambiri mukudziwa kuti panatsala pang'ono kuti ku yunivesite ya Wits kuno ku Johannesburg ndisapondeko n'komwe.

Za Novembala 2023 mukuzikumbuka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama zimene tinasonkha chaka chonse zinachepa mphamvu tikuona. Za fodya amene bambo anagulitsa ku Chinkhoma, za mbuzi, za kubanki m'khonde kwa amayi, tikaziwerengera m'marandi sizinkafika paliponse. Chonsecho kuno wophunzira wochokera kunja salembetsa asanapereke gawo lalikulu la fizi, ndipo visa ya sukulu situluka opanda inshulansi ya zachipatala (medical aid) ya ku South Africa konkuno. Kuwonjezera apo a SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro kuno, ayambe aunika digiri yako ya ku Malawi, nakonso n'kolipira. Chilichonse marandi, pomwe kumabanki kwathu ndalama zakunja zinali zosowa.

Amayi a Mvano a mpingo wathu, zikomo chifukwa cha chopereka chija komanso mapemphero a Lachinayi. Achimwene, munagulitsa njinga yamoto imene inkakudyetsani pa kabaza, ndipo mpaka lero simunanditonzepo nayo. Bambo ndi amayi, inu ndidzakuthokozani pamaso, pano sipokwana.

Koma amene ndadzukira kulemba izi ndi amayi a ku Santhe. Dzina sinditchula, sakonda zoonekera. Sitinkadziwana. Tinangokhala moyandikana m'basi kuchokera ku Lilongwe, ndipo tisanafike pa Dedza anali atandifunsa kale kwathu, mfumu yathu ndi mpingo wathu. Tinadutsa Tete, Nyamapanda, mpaka mzere wautali wa pa Beitbridge akundiuza pepala loti nditulutse ndi poti ndiime. Titatsika pa Park Station, depoti ya mabasi ku Joni, m'bale amene analonjeza pamaso pa makolo kuti adzandichingamira foni yake inali yothima. Ndinaimba, ndinaimbanso, mpaka kunja kunayamba kuda. Amayiwa katundu wawo anali atatenga kale, akanatha kupita. Anangosenza chikwama changa n'kunena kuti, "Mwana wa kwathu sagona padepoti. Tiye."

Kwawo ndi chipinda chimodzi ku Yeoville. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, amanyamuka kusanache n'kubwerako usiku miyendo itatupa. M'chipinda chimenecho anandipatsa malo mpaka nditapeza changa ku Braamfontein, ndipo nditatulutsa ndalama ya lendi anandikalipira ngati ndawatukwana.

Amene simunafike ku Joni, mzinda uno sudikira mlendo. Takisi suyiitana ndi pakamwa, umaimika ndi chala, ndipo chala choloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni. Mulibe kondakitala ngati m'maminibasi a kwathu, ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja, ndipo ukakhala kutsogolo ndiwe wowerengera anthu chenji, m'chinenero choti sukuchimva. Ukafuna akaunti ya kubanki akufuna umboni wa pamene ukukhala, iwe wangofika kumene. Amayiwa anakapempha kalata kwa eni nyumba yawo, anataya tsiku la ntchito n'kundiperekeza. Anandionetsa misewu yoyenda masana okha, pobisa foni, shopu ya ufa wotchipa, ndi amene amagulitsa usipa ndi nyemba zobwera pa mabasi a kwathu. Tsiku limene ndinadya nsima ya usipa m'chipinda chija ndinalira, iwo osandifunsa kanthu, anangondiwonjezera mtanda.

Ndiye kuzizira. Ife a ku Kasungu timati Juni timamudziwa. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, mphepo yake imalowa m'mafupa, zala zimakana kugwira cholembera. Mwezi wa Meyi usanathe amayiwa anatulukira pakhomo panga ndi bulangete lochindikala ndi jekete yawo yomwe. Sukulu analekezera ku pulayimale, koma palibe mayeso amene ndalemba osandiimbira m'mawa wake kuti tipemphere. Mu Epulo ntchito ya m'kalasi itandikulira, ndinawauza kuti ndikufuna kubwerera kumudzi. Anandiyang'ana n'kuti, "Kamuzu wa kwathu konkuja anayenda wapansi mpaka kudzagwira ntchito kumgodi ku Boksburg. Iwe wabwera pa basi, ukathawe mabuku?" Nkhani yobwerera inathera pomwepo.

Ambuye Mulungu, inu amene mumaona zochitika mseri, akumbukireni amayi amenewa. Tetezani ntchito yawo, limbitsani miyendo yawo, ndipo ana awo amene anawasiya ndi agogo ku Santhe asasowe wowasenzera chikwama tsiku limene adzakhale alendo.

Enanu amene munkati mwana wamkazi akapita ku Joni ndiye watchona, ndipo fodya wa bambo wapita pachabe, mauthenga anu a "tinkadziwa kuti ukhoza" ndikuwaona. Sindinayankhe chifukwa ndinali pa mayeso. Amalume a foni yothima, nanunso moni wanu wa sabata yatha unafika.

Anzanga a m'kalasi ochokera ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene tinkawerengera limodzi mulaibulale mpaka usiku, zikomo. Zotsatira sizinatuluke, chaka chikadalipo, ndipo fizi yotsala sindikudziwabe kuti ichokera kuti, ndiye musaleke kundipempherera.

Achimwene, ndikudziwa kuti mvula ya chaka chino yatilakwira ndipo nkhokwe sinadzaze. Komabe mukatha kutonola, thumba limodzi la chimanga lipite ku Santhe kwa agogo amene akulera ana a amayiwa. Njira yake ndikutumizirani pa WhatsApp, ndipo musawauze eni ake, angakane.