Ufa wa amalume unathera pakona

Zonsezi zinayamba ndi bandulo ya usiku. Tulo titakana kubwera, ndinagwera pa kanema wa mpikisano wa njinga za BMX, tinjinga tothamangira panjira ya zitunda ndi makona, pa masewero a Olympics a 2008 ku Beijing. Azimayi 8 anandandalika pamwamba pa chitunda cha mamita 8, chotchinga n'kugwa, onse liwiro la mtondo wadooka. Patsogolo panali Anne-Caroline Chausson wa ku France, mayi wa zaka 30 amene anali atakhala kale katswiri wa dziko lonse maulendo 9 pa mpikisano wotsika mapiri pa njinga. Pakona yomaliza, Shanaze Reade wa ku Britain anafuna kumulowera mkati, n'kugunda tayala lake lakumbuyo, khu! pansi. Chausson anatenga golide masekondi 40 asanakwane. Ndinaonera kasanu, bandulo n'kutha, koma mtima unali utakwera kale njinga.

Kutacha amalume anandituma kuchigayo. Kwathu ku Dedza chigayo chili kumtunda, mudzi kumunsi, ndipo aliyense wa mutu wabwino akafika pamtsetse amatsika n'kumakankha. Njinga ya amalume ndi zakuda zamakedzana zija, yolemera ngati ngolo. Buleki yakumbuyo inapuma pantchito nthawi ya a Muluzi. Yakutsogolo imagwira ikakonda. Eni ake amaimitsa pokhudzitsa patapata patayala, luso limene sindinavutike n'kuphunzira.

Nditagayitsa, ndinamanga thumba pakeliyala ndi mphira, n'kuima pamwamba pa mtsetse. Ndinati, mayi wa ku France azitsika mapiri, ine wobadwira m'mapiri momwemo ndizikankha njinga ngati nkhalamba? Iye amavala chisoti chobisa nkhope yonse, ine ndinali ndi kapusi ya chipani. Ndinangoitembenuzira kumbuyo.

Poyamba zinkakoma, ndisaname. Ndinaimirira pamapedulo monga ndinaonera, zigongono panja, matako ndikuwabweza kumbuyo kwa chishalo. Kumbuyoko n'kumene ndinakumana ndi thumba la ufa, chinthu chimene mukanema muja munalibe. Tcheni chinayamba kulira, belu kumadziimba lokha, maso misozi chuchuchu ndi mphepo. Ndinafinya buleki. Tsiku limenelo sinakonde.

Kumunsi, pafupi ndi mjigo, njira imakhota. Pakona pomwepo panali bambo wina wa makala, matumba atatu panjinga, akutsika mwaulemu phazi lili patayala. Ndinaona kampata mkati mwa kona. Kunena zoona, ndinamva ngati anthu a ku Beijing akundiombera m'manja.

“Pepani achimwene, njiraaa!”

Tayala langa linapsompsona lawo lakumbuyo. Njinga ya makala siigwedezeka ndi zibwana. Bambo aja sanacheuke n'komwe. Ine ndi amene ndinauluka, kudutsa pamwamba pa handulo, n'kukatera mumzere wa mbatata. Ndisanadziwe kuti mwendo uli kuti, thumba linanditsatira, phu! pamsana.

Nditadzuka ndinali mbuu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ana amene anali pamjigo anataya zigubu akukuwa kuti mzukwa. Amayi ena achikulire anandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti, “Si mphwawo wa aphunzitsi uyu? Mwana wopita kusukulu ndithu.” Kenako anayamba kuwola ufa ndi chitenje, ine osandifunsa ngati ndapweteka.

Ndinafika kunyumba njinga ili paphewa, limu itapindika ngati chitumbuwa cholumidwa. Amalume anaizungulira kawiri, kuwerenga masipoko otsala, kenako n'kufunsa kuti chinandilowa n'chiyani. Pofuna kudziteteza ndinabwereka foni ya mlongo wanga n'kuwaonetsa kanema uja. Anavala magalasi, naonera mwakachetechete mpaka pakona yomaliza. Anati ndibwezere. Reade atagwanso, anaika chala pafoni.

“Iwe ndi uyu.”

Madzulo amenewo tinadya mbatata.