Nsomba zosasankha madzi

Nsomba za mtundu wa Glossogobius zimandichititsa chidwi zedi. Nsomba zambiri za m'nyanja yamchere zikalowa mumtsinje sizikhalitsa, koma izi ayi. Mtunduwu umapezeka m'mphepete mwa nyanja, pamathiriro pomwe madzi amchere amasakanikirana ndi a mumtsinje, ngakhalenso kumtunda kwa mitsinje.

Ine ndimakonda kuyang'anitsitsa zipsepse zake za kumimba. Zinalumikizana n'kukhala ngati kambale, ndipo nsombayo imamatirira nazo pamwala kuti madzi asaikokolole. Imangoti phee pansi, mutu wophwatalala, chibwano chapansi chitatulukira kutsogolo, kudikira tinsomba ndi tizilombo.

Glossogobius giuris, yopezeka kuchokera kum'mawa kwa Africa mpaka ku Australia, imatha kufika masentimita 50. Ku Madagascar kuli inanso ya m'mapanga amdima, timaso take n'tating'ono kwabasi.