Bambo wopempha amaopsa kuposa wokalipa

M'mafilimu achikondi a ku Bengal, dera la kum'mawa kwa India ndi Bangladesh, amene amandiopsa si bambo wokalipa ayi. Ndi uja wobwera mofatsa, misozi ili lengelenge, kudzapempha mtsikana kuti amusiye mwana wake.

Ndikunena za Saptapadi, filimu ya mu 1961 ya Ajoy Kar. Ndinaionera pa foni kuno ku Chilenje magetsi atazima, azakhali ali pambali kusenda mbatata uku akusuzumira. Uttam Kumar akusewera ngati Krishnendu, Mhindu wa banja la Abrahmin, gulu lapamwamba la ansembe achihindu, wophunzira udokotala ku Calcutta. Suchitra Sen ndiye Rina Brown, Mkhristu, mwana wa mzungu. Poyamba samwerana madzi, kenaka aseweretsedwa Othello, sewero la Shakespeare, limodzi ku koleji, chikondi n'kuyaka. Bambo a Rina akuti wofuna mwana wawo ayambe walowa Chikhristu. Mnyamata avomera.

Apa ndiye pagona nkhani. Bambo a Krishnendu, omwe akuseweredwa ndi Chhabi Biswas, sakulimbana ndi mwana wawo. Akupita kwa Rina. Munthu wamkulu, waimvi, kudandaulira kamtsikana. Akanamutukwana bwenzi atayankha, pakuti Rina pakamwa sipolemera. Koma wamkulu akakupempha akulira umakana bwanji? Iye n'kumeza, n'kuthamangitsa bwenzi lake ndi mawu oluma kuti asadzabwerenso. Patsogolo pake Rina azindikira kuti mayi wantchito wa pakhomo pawo, Mhindu, ndiye anam'bereka. Kenaka ndi mowa, asilikali, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Krishnendu nayenso wavutika, inde, koma watsala dokotala wolemekezeka wothandiza osauka. Wonyozeka ndi mkazi.

Owonera a mu 1961 bala lawo linali liwisi. Mu 1947 Bengal anagawidwa pakati potsata chipembedzo, ndipo Suchitra Sen mwiniwake anabadwira ku Pabna, komwe lero ndi Bangladesh. Ine ndimaona ngati kunali kopepuka kulirira Mhindu ndi Mkhristu kusiyana ndi kuika Msilamu pamenepo. Wokonza mafilimu wina, Aparna Sen, anadzamuikapo mu 2002, mu Mr. and Mrs. Iyer, ngakhale filimuyo n'njachingerezi kwambiri. Achiwembu akwera basi kusaka Asilamu, mayi wachihindu n'kunama kuti Msilamu amene wakhala naye ndi mwamuna wake. Ubwenzi wa pa ulendo chabe, koma woika moyo pachiswe ndi mkazinso.

Kwathu kuno, a Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, komabe ukayenda ku Kamwala mzikiti ulipo, kachisi wa Ahindu aliponso, malonda akuyenda. Mikangano yathu imabisala m'nyumba: Mkatolika ndi wa Sabata, wa Mboni ndi wa Pentekosite. Ankhoswe akakhala pansi safunsa kuti asinthe mpingo ndani. Amangofunsa kuti mkazi ayamba liti. Msuweni wanga wina ankatsogolera nyimbo mu kwaya. Atakwatiwa ndi mnyamata wachisilamu wa ku Chipata, yunifolomu anapatsa mng'ono wake, ndipo tonse tinamuyamikira kuti ndi mwana womvera.

Azakhali filimu sanaimalize. Atafika pamene Rina akuthamangitsa Krishnendu anatsonya, nati: "Iwe, mnyamatayu sangafunse n'komwe kuti chasintha n'chiyani? Angonyamuka basi?" Ndinawauza kuti kumapeto abwererana. Anati zimenezo n'za m'filimu, n'kundituma makala.