Funso la pa fomu lija: makolo ako anaphunzira kuti?

Mwezi wathawu ndinali ndi ntchito ziwiri zomwe poyamba ndinkaziona ngati zosakhudzana. Masana ndinkawerenga za kalasi yathu ya zachuma, komwe aphunzitsi anatipatsa kafukufuku wa mmene mayunivesite otchuka a ku America amasankhira ophunzira. Usiku ndinkakhala pa tebulo ndi mchemwali wanga wamng'ono, yemwe anakhoza bwino MSCE, tikudzaza Common App, fomu ya pa intaneti imene munthu amafunsira malo ku makoleji ambiri a kumeneko nthawi imodzi.

Tsiku lina titafika pa gawo la za banja, iye anaima. Fomuyo imafunsa ntchito ya bambo ndi mayi, pomwe analekezera sukulu, ndipo ngati anapita ku koleji imafunanso dzina la kolejiyo. Anachotsa manja pa kompyuta n'kundiyang'ana. "Achimwene, ofuna sukulu ndine. Nanga sukulu ya ababa akuifuniranji?" Ndinamuyankha kuti amafuna adziwe ngati iye ndi woyamba m'banja kupita ku yunivesite. Zimenezo n'zoona, koma linali theka chabe la yankho. Theka linalo linali m'mapepala a m'chikwama changa, ndipo usiku umenewo, bando ya intaneti ikupita kokatha, sindinafune kumugwetsa ulesi.

Ku America mwana amene bambo kapena mayi ake anaphunzira pa yunivesite yomwe iye akufunsirako malo amamutcha legacy. Mayunivesite ambiri otchuka, makamaka omwe si aboma, amamuwonjezera mwayi mwana wotereyu posankha. Sabisa, koma amakonda kunena kuti ndi kanthu kakang'ono, kongolekanitsa ana awiri amene afanana pa zonse. Funso la m'kalasi mwathu linali lomweli: kodi kanthuko n'kakang'onodi?

Manambala oyamba amene ndinakumana nawo anachokera ku mlandu. Bungwe la Students for Fair Admissions linasumira yunivesite ya Harvard poiimba mlandu wa tsankho posankha ophunzira, ndipo pozenga mlanduwo mu 2018 yunivesiteyo inakakamizika kuulula zomwe inkasunga mwachinsinsi. Zinaoneka kuti pa zaka zisanu ndi chimodzi zomwe anaziunika, mwa ana 100 aliwonse a legacy ofunsira malo, pafupifupi 33 ankatengedwa. Mwa ana 100 wamba, ankatengedwa pafupifupi 6. Nditaona zimenezi magazi anandiwira. Ndinalemba m'mphepete mwa pepala mawu amodzi, omwe tonse timawadziwa tikamafuna ntchito kuno kwathu: kudziwana.

Ndinalowa m'kalasi ndili ndi ukali womwewo, ndipo ndinayankhula ngati nkhani yatha kale. Aphunzitsi anandisiya mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa modekha: "Chabwino. Tsono ana 33 amenewa, tikawachotsera dzina la makolo awo, angalowe angati?" Ndinasowa chonena. Apa m'pamene maphunziro enieni anayambira kwa ine.

Mwana wa munthu amene anaphunzira ku Harvard si mwana wamba ayi, ngakhale dzinalo litafufutidwa pa fomu. Kawirikawiri amakulira m'nyumba ya ndalama ndi mabuku, amapita ku sekondale yabwino, ali ndi omuphunzitsa mwapadera mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT, ndipo makolo ake amadziwa kale kalembedwe ka nkhani yodzifotokoza imene osankha amaikonda. Choncho ana oterewa akanalowabe ochulukirapo kuposa anzawo ngakhale pakanapanda kukondera kulikonse. Kuyerekeza 33 ndi 6 n'kusakaniza zinthu ziwiri m'mbale imodzi: kukonzekera bwino kwa mwanayo, ndi kukondera kwa sukulu. Amene akufuna kudziwa kulemera kwa dzina palokha ayenera kupeza njira yolekanitsira ziwirizi.

Njira imene inandikhutiritsa ndi ya akatswiri atatu a zachuma, Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman, omwe anatulutsa kafukufuku wawo mu 2023. Iwo anaunika mayunivesite 12: asanu ndi atatu a gulu la mayunivesite akale otchuka lotchedwa Ivy League, momwe muli Harvard, komanso Stanford, MIT, Duke ndi Chicago. Anapeza kuti mwana wa legacy ali ndi mwayi pafupifupi kanayi wotengedwa poyerekeza ndi mnzake amene anapeza mamalikisi ofanana naye pa mayeso, ndipo akakhala wochokera m'mabanja olemera kwambiri, banja limodzi lapamwamba mwa 100 aliwonse, mwayiwo umafika kasanu. Koma chimene chinandigwira mtima si nambalayo, ndi nzeru yomwe anagwiritsa ntchito poyankha funso la aphunzitsi athu lija. Ana amenewa safunsira malo ku yunivesite imodzi yokha. Mwana amene mayi ake anaphunzira ku Yale amatumizanso fomu ku Princeton ndi ku Columbia, komwe sadziwika. Mwana ndi yemweyo, mamalikisi ndi omwewo, makalata a aphunzitsi ake ndi omwewo. Akanakhala kuti amatengedwa chifukwa cha nzeru zake zokha, bwenzi akutengedwa chimodzimodzi konsekonse. Koma akatswiriwa anapeza kuti kumene kulibe dzina la makolo ake, mwayi wake umangoposa pang'ono wa ana ena. Umakwera kwambiri pa sukulu ya makolo ake pokha.

Ndinabwereza gawo limenelo katatu. Sikuti linali lovuta, koma ndinasangalala kuona funso lomwe ndinkaganiza kuti ndi la mkangano wosatha likuyankhidwa mwaukhondo chonchi. Palibe amene anachita kuyesa mwadala kuti mwana uyu akhale ndi dzina, uyu asakhale nalo. Ana okha, potumiza mafomu awo uku ndi uku, anapereka umboniwo. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona manambala awiri akuyerekezedwa m'nyuzi, ndimayamba ndafunsa ngati anthu ake ndi ofananadi.

Panalinso chinthu china mu kafukufuku yemweyo chimene chinathetsa kukayika komwe kunatsala. Mwina wina anganene kuti osankhawo amaona mwa ana a legacy khalidwe lina labwino limene mayeso sangaonetse. Ngati zili choncho, liyenera kudzaonekera akamaliza sukulu. Akatswiriwa anawalondola ana aja mpaka ku ntchito, ndipo sanapeze kuti a legacy amachita bwino kuposa anzawo. Mamalikisi a mayeso ndi amene ankalosera bwino za kutsogolo kwa mwana.

Ku mlandu wa Harvard kuja kunatulukanso zina. Katswiri wa zachuma Peter Arcidiacono ndi anzake anawerengera kuti mwa azungu onse amene anatengedwa, oposa 43 mwa 100 anali a magulu anayi okonderedwa: osewera masewera amene sukulu inawaitana, a legacy, ana a ogwira ntchito pa yunivesitepo, ndi amene anali pa mndandanda wapadera wa akuluakulu a sukulu, momwe mumapezeka ana a opereka ndalama. Mwa ophunzira akuda, a mtundu wa ku Asia ndi a Chihispaniki, a m'magulu amenewa sanafike 16 mwa 100. Anawerengeranso kuti pafupifupi atatu mwa anayi a azungu okonderedwawo sakanatengedwa pakanapanda mwayi wapaderawo. Pamene Khoti Lalikulu la America linagamula pa 29 June 2023 kuti mayunivesite asiye kuganizira mtundu wa munthu posankha, anthu ambiri anafunsa nthawi yomweyo kuti nanga khomo lina ili likhalabe lotsekula chifukwa chiyani.

Mbiri yake nayo si yokoma. M'zaka za m'ma 1920, ana a Ayuda obwera kuchokera ku Ulaya anayamba kukhoza mayeso olowera ndi kudzaza makalasi. Ku Harvard anali atapitirira 20 mwa 100 pofika 1922, ndipo mtsogoleri wa yunivesiteyo, A. Lawrence Lowell, anafuna poyera kuti chiwerengero chawo chiikidwe malire. Njira yoonekera choncho inakanidwa, koma mayunivesite anapeza zina zachete: kuyamba kuyeza "khalidwe" la mwana, dera lomwe akuchokera, ndi kukondera ana a amene anaphunzirapo kale. Mwambo umene lero amautchula ndi mawu okoma a banja ndi kukhulupirika unakula ngati mpanda wotchingira anthu ena.

Oikira kumbuyo mwambowu ali ndi mfundo zawo, ndipo ndinayesetsa kuzimva bwino. Yaikulu ndi ya ndalama: amati omaliza maphunziro amapereka mowolowa manja akadziwa kuti ana awo adzaganiziridwa, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe zimalipirira ana osauka. Mfundoyi inandikhudza, chifukwa mchemwali wanga sangapite kumeneko popanda thandizo lotero. Koma MIT siganizira za legacy, ndipo siinasauke. Johns Hopkins inasiya mu 2014. Mtsogoleri wake, Ronald Daniels, anafotokoza kuti pakati pa 2009 ndi 2019 ana a legacy m'chaka choyamba anatsika kuchoka pa 12.5 kufika pa 3.5 mwa 100, pamene ana ochokera m'mabanja ovutika, oyenera thandizo la boma lotchedwa Pell, anakwera kuchoka pa 9 kufika pa 19. Amherst inasiya mu 2021, Wesleyan mu 2023. Maboma ena a m'dzikomo anachita kukhazikitsa lamulo: Colorado inaletsa m'makoleji aboma mu 2021, Virginia mu 2024, ndipo Maryland ndi California anafika mpaka ku makoleji omwe si aboma. Harvard ili ndi chuma chosungidwa choposa madola 50 biliyoni. Zimandivuta kukhulupirira kuti sukulu yotero ingagwe chifukwa chosiya kukondera ana a anthu ake.

Mfundo imene inandikhalitsa chete kwa kanthawi ndi ya akuda a ku America amene anaphunzira m'masukulu amenewa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ena mwa iwo amadandaula kuti mwayiwu unadyedwa ndi ena kwa zaka pafupifupi 100, ndipo ukuchotsedwa tsopano pamene ana awo afika msinkhu woudyerera. Ululu wake ndikuumva. Komabe mwana wa dokotala womaliza ku Yale, kaya ndi wa khungu lanji, ali kale pamsana pa njovu, ndipo amene akunyowa ndi mame ndi mwana amene makolo ake sanapondeko ku koleji.

Wina angafunse kuti tikuvutikiranji ndi masukulu 12 a dziko la eni. Ku America komweko, amene amaphunzira m'masukulu amenewa safika ngakhale munthu mmodzi mwa 200. Koma kafukufuku wa Chetty ndi anzake uja anaonetsa kuti m'menemo mumachokera gawo limodzi mwa magawo anayi a aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate, ndi atatu mwa anayi a oweruza a Khoti Lalikulu amene anasankhidwa m'zaka 50 zapitazo. Amene walowa pa khomo limeneli amakhala pafupi ndi mipando yolamulira dziko. Ife kuno tinakangana zaka zambiri za kota posankha ana opita ku mayunivesite aboma, imene inabwereranso mu 2009 n'kudzathetsedwa mu 2020, ndipo tikudziwa mmene mtima umawawira mwana akakhoza koma n'kutsala chifukwa cha komwe anabadwira. Kota, kaya munthu ankaikonda kapena kudana nayo, eni ake ankanena kuti akufuna kugawa malo m'maboma onse. Legacy ilibe ngakhale chifukwa chimenecho. Imabwezera malo m'mabanja omwe anali nawo kale.

Ndiyeno ndinachita masamu anga, ofuna kudziwa chomwe zonsezi zikutanthauza kwa mwana amene ndimakhala naye pa tebulo. Harvard imalandira mafomu pafupifupi 50,000 pa chaka ndipo imatenga ana pafupifupi 2,000, kutanthauza anayi mwa 100. Tiyerekeze, mwa chitsanzo changa chabe, kuti kuthetsa legacy kwamasula malo 200. Malo amenewo akagawidwa kwa anthu 50,000, mwayi wa munthu mmodzi umakwera ndi kachidutswa kosafika ngakhale theka la mmodzi mwa 100. Apa ndinamvetsa kuti zinthu ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Kwa mwana amene ali nalo dzina, legacy ndi chinthu chachikulu zedi, chokhoza kusintha yankho kuchoka pa ayi kufika pa inde. Kwa mwana amene alibe, si ndicho chimutchinga kwenikweni. Chimutchinga ndi kuchepa kwa malo, ndi zonse zomwe zinachitika fomu isanatsekulidwe n'komwe: labotale yopanda zipangizo, mtengo wa mayeso wolipira m'madola, mphunzitsi wa ana ambirimbiri amene sanalembepo kalata yoyamikira ya mtundu umene kumeneko amaifuna. Ndikufunabe kuti mwambowu uthe, chifukwa malo 200 ndi miyoyo ya ana 200 enieni. Koma sindingamunamize mchemwali wanga kuti ukatha, khomo lake latseguka.

Loweruka lotsatira ndinamuuza zonse, kuyambira 33 ndi 6 mpaka masamu anga aja. Anamvetsera akusenda mbatata, osandidula mawu. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Tsono achimwene, ndi masukulu ati amene safunsa za dzina?" Tinakhala pansi n'kuwonjezera pa mndandanda wake Amherst ndi Johns Hopkins, komanso makoleji ena ang'onoang'ono omwe amathandiza ana ochokera kunja, ndipo anati akafunsanso alangizi a EducationUSA, ofesi yothandiza ofuna kukaphunzira ku America, ku Lilongwe. Kenako tinabwerera ku gawo la za banja lija. Ababa anali panja akukonza njinga, ndipo iye anawafuulira pa windo kuwafunsa chaka chimene anamaliza ku koleji ya aphunzitsi. Anayankha osadzutsa mutu, iye n'kulemba chakacho m'bokosimo.