Mashelefu anasuntha, magetsi anatsala pomwepo

Dandaulo linachokera kwa oyendetsa ma forklift, timagalimoto tonyamula katundu ndi mafoloko, m'nyumba ina yosungiramo katundu. Akuti dzuwa likapendeka manambala a pamashelefu saonekanso, ndipo mmodzi wa iwo anali atakhula kale mzati ndi paleti. Eni nyumba yosungiramo katunduyo anayankha kuti mababu onse akuyaka, nanga vuto lili pati? Mababu ankayakadi. Koma kuyaka kwa babu kudenga ndi nkhani ina, kufika kwa kuwala pamene diso la wantchito likuyang'ana ndi nkhani inanso.

Lolemba ife amisiri a magetsi sitinagwire waya. Tinajambula pulani ya nyumbayo, kuigawa m'timabokosi ta mamita atatu mbali zonse, n'kudikira kuti kude, chifukwa dengalo lili ndi malata oonekera ndipo ukayeza masana umayeza dzuwa osati magetsi. Kuwala kumayezedwa m'ma lux. Lux imodzi ndi lumen imodzi, muyezo wa kuwala kotuluka m'babu, itagwera pa sikweya mita imodzi. Kamakina koyezera kamagonekedwa pamene ntchito imachitikira: m'tinjira ndi pansi penipeni, polongedza katundu ndi pamwamba pa tebulo. Woyeza aziima patali pang'ono, chifukwa chithunzithunzi chake chimatsitsa nambala. Mababu akale a metal halide ndi a fluorescent ayambe ayaka mphindi 20 kapena kuposerapo, apo ayi upeza nambala yotsika yomwe si yoona.

Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, koma amisiri ambiri amatsamira pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 12464-1. Umati pansi pa kanjira ka pakati pa mashelefu, momwe mumadutsa anthu, pakhale ma lux 150, polongedza katundu 300, pa desiki ya muofesi 500. Ku America bungwe loona za chitetezo cha antchito la OSHA limawerengera m'ma foot-candle, imodzi kukhala ma lux pafupifupi 10.8, ndipo lamulo lake la ma forklift limati kuwala kukachepera ma lumen 2 pa sikweya futi, omwe ndi ma lux pafupifupi 22, forklift ikhale ndi nyale zakezake. Nambala imeneyi ena amaitenga ngati chilolezo chosiya nyumba yamdima. Si choncho. Pa ma lux 22 munthu amaona kuti kutsogolo kuli chinthu, koma lebulo ya tizilembo ting'onoting'ono sangaiwerenge ali pampando wa forklift.

Titaphatikiza manambala onse, avareji ya nyumba yonse inali yokhoza bwinobwino, ndipo apa ndi pamene malipoti ambiri amanamizira anthu. Pabwalo lapakati panali ma lux oposa 250, pamene m'tinjira tina nambala inkatsika mpaka 40. Chifukwa chake chinali kudenga. Nyale zinamangidwa nyumba ilibe kanthu, m'mizere yotalikirana mofanana. Mashelefu anabwera pambuyo, kenako anasunthidwanso kuti tinjira tichepe, mulowe mzere wina. Pano mizere ingapo ya nyale ili pamwamba penipeni pa mashelefu, ikuwalitsa makatoni apamwamba omwe palibe amawayang'ana, kanjira kali mumthunzi. N'chifukwa chake avareji payokha sikwanira. Tenga nambala yotsikitsitsa ugawe ndi avareji ya malo omwewo. M'malo osungiramo katundu yankho lisatsike pa 0.4, ndipo kanjira kalikonse kawerengedwe pakokha, kasabisale m'manambala a pabwalo.

Lachiwiri tinaimika kamakinako chilili, kuyang'anitsa kumene kumayang'ana lebulo, pashelefu yapansi, yapakati ndi yapamwamba. Woyendetsa forklift sawerenga pansi, amawerenga kumaso kwa shelefu. Nyale zozungulira za high bay, zomangidwa kumadenga aatali, zimachita bwino pabwalo, koma m'kanjira kopapatiza zimataya kuwala kwambiri pamwamba pa katundu. Zofunika pamenepo ndi nyale zazitali zomangidwa pakati pa kanjira, motsata kanjirako, zokhala ndi galasi lotsitsa kuwala mopapatiza mpaka pansi. Ndipo pokweza nyale kuti mafoloko asaigunde uzikumbukira kuti mtunda ukawonjezeka kawiri, kuwala kofika pansi kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kuchulutsa kuwala nakonso kuli ndi msampha wake. Pamzere wina anali ataikapo kale nyale za LED zamphamvu, zopanda chophimba. Nambala yapansi inali yosangalatsa, koma woyendetsa akakweza mutu kuti alowetse paleti pashelefu yapamwamba, nyaleyo inkamuthobwa m'maso, n'kumaona timadontho kwa kanthawi paleti ili m'mwamba. Kamakina koyezera sikaona zimenezi. Umayenera kukhala pampando wake n'kuyang'ana kumene iye amayang'ana. Mankhwala ake ndi chophimba chofewetsa kuwala, kapena nyale zambiri zamphamvu yocheperapo m'malo mwa zochepa zowala mopyola.

Pakhomo lopakirira malole vuto ndi la diso lenilenilo. Panja dzuwa likaswa mtengo kuwala kumatha kufika ma lux 100,000. Forklift ikachoka kumeneko n'kulowa m'nyumba ya ma lux 150, woyendetsa amayenda mamita angapo asakuona bwino, ndipo m'mamita omwewo ndi momwe mumaima olemba katundu. Chigawo cha pakhomo chiziwala kwambiri masana kuposa m'kati, ndipo njira ya oyenda pansi ichoke pamenepo. M'kati mwa lole yotsekeka namonso ndi mumdima, nyale zakudenga sizifikamo. Pamafunika nyale ya pamkono wopindika, yomangidwa pambali pa khomo, yowalitsa m'kati mosathobwa amene akutuluka chobwerera.

Kumbuyo kwa nyumbayi kuli kachigawo ka makina, ndipo kumeneko tinapeza chinthu chimene chimaopsa kuposa mdima. Pa magetsi a 50 Hz, nyale za fluorescent za ballast yakale, kachipangizo kolamulira magetsi olowa m'nyale, zimaphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona kuphethirako. Koma tenga fani ya mapiko anayi yozungulira ka 1,500 pa mphindi. Pa sekondi ndi ka 25, kuchulukitsa ndi mapiko anayi ndi 100 ndendende. Nthawi iliyonse nyale ikawala, phiko limapezeka pomwe panali linzake, ndiye fani imaoneka ngati yaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. M'fakitale yaphokoso, munthu atavala zotseka m'makutu, khutu silimuchenjeza, amangotambasula dzanja. Macheka ozungulira ndi ma chuck a lathe, zogwirira chitsulo pamakina osemera, amachitanso chimodzimodzi. Anthu amaganiza kuti LED inathetsa zimenezi, koma LED ya driver yotchipa, kachipangizo kopatsa LED magetsi, imaphethira kuposa fluorescent. Kamera ya foni ikaonetsa mizere yakuda ikuyenda pa sikirini, pali chokayikitsa, ngakhale umboni weniweni umafuna chipangizo choyezera kuphethira. Pokonza, nyale zoyandikana zigawidwe pa ma phase atatu, mawaya atatu amoto obweretsa magetsi, kuti zisaphethire nthawi imodzi, kapena zisinthidwe ndi za ballast yamakono kapena driver yabwino, ndipo pamakina pakhale nyale yakeyake yosaphethira.

Lachitatu tinatsitsa chophimba cha nyale imodzi, kuchitsuka, n'kuyezanso. Nambala inakwera moonekeratu popanda kusintha babu. Fumbi ndi utsi wa dizilo zimadya kuwala pang'onopang'ono moti ogwira ntchito tsiku ndi tsiku sazindikira. Kumene kuli fumbi lambiri kapena amatsuka ndi paipi, nyale ikhale ya IP65, yosalowa fumbi ndi madzi, ndipo kumene ingagundidwe ikhale yolimba, ya IK08 kapena kuposa. Ntchito yakudengayi imachitika swichi yaikulu itazimitsidwa, itakhomedwa loko, kiyi ali m'thumba mwa wokwerayo, ndipo atayesa ndi tesita kuti mulibedi moto. Amakwera pa scissor lift, makina okweza munthu m'mwamba, pansi atatchinga. A kapitawo ena amakonda kunena kuti imani papaleti tikukwezeni ndi forklift, ndi mphindi ziwiri zokha. Yankho ndi ayi.

Lachinayi usiku tinazimitsa dala magetsi kuti tione nyale zangozi. Muyezo wa EN 1838 umafuna lux imodzi pansi pa njira yothawira, kwa ola limodzi kapena kuposa. Theka la kuwalako lifike m'masekondi 5, konse m'masekondi 60. Pa bokosi la chithandizo choyamba ndi pa zozimitsira moto pamafunika ma lux 5. Pamakina oopsa, omwe munthu sangangowasiya n'kuthawa, pamafunika gawo limodzi mwa magawo khumi a kuwala kwa nthawi zonse, koma osachepera ma lux 15. Kagetsi kobiriwira ka panyale kamangonena kuti batire ikulandira moto, sikanena kuti isunga motowo. Nyale zingapo zinayaka bwino n'kuzima ola lisanakwane, makamaka zomwe zili pafupi ndi malata, chifukwa kutentha kumakalambitsa mabatire msanga. N'chifukwa chake kuyesa kuli pawiri: kwakanthawi kochepa mwezi uliwonse, ndi kwa nthawi yonse yolembedwa panyale kamodzi pachaka, zonse zikulembedwa m'buku. Chikwangwani china cha potulukira chinkayaka bwinobwino kuseri kwa mulu wa mapaleti.

Eni nyumba anati jenereta ilipo. Jenereta imatenga masekondi angapo kuti idzuke, ndipo ngakhale itadzuka, babu ya metal halide yotentha siyakanso pompo, imadikira kuzizira mphindi 10 kapena kuposerapo. Nthawi yonseyo forklift ili pakati pa kanjira ndi katundu m'mwamba.

Lachisanu linali la masamu. Malo olongedzera ndi mamita 20 kwa 15, omwe ndi masikweya mita 300. Pa ma lux 300 pakufunika ma lumen 90,000 ofika patebulo. Nyale ya ma lumen 20,000 sipereka onsewo pansi. Tinachulukitsa ndi 0.7 chifukwa cha kuwala kotayikira m'makoma ndi kudenga, n'kuchulukitsanso ndi 0.75 chifukwa cha fumbi ndi kukalamba kwa nyale, kutsala 10,500. Kugawa 90,000 ndi 10,500 kumapereka 8.6, ndiye nyale 9, mizere itatu ya zitatuzitatu. Wogulitsa akabwera ndi masamu opanda 0.75 uja, nyale zake zidzakhoza tsiku loikidwa lokha. Makoma ndi denga zopakidwa penti yoyera zimakweza 0.7 uja popanda kuwonjezera waya.

Pa masensa ozimitsa nyale m'tinjira mukakhala mulibe munthu tinagwirizana mosavuta, koma ndi mfundo ziwiri. Nyale zisazime psiti, zizingotsika n'kusiyako kuwala pang'ono, ndipo sensa izione forklift isanalowe m'kanjira, osati ili kale pakati.

Chotsala ndi chipinda chochajira mabatire a ma forklift. Mabatire a asidi akamachajidwa amatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe ndi wopepuka, umakwera n'kusonkhana kudenga, ndipo ukafika 4 peresenti mumpweya umatha kuyaka ndi kakuthetheka kakang'ono. Nyale ya m'chipindamo ndi yawamba, yomangidwa pamalo okwera kwambiri a denga, pomwe palibe potulukira mpweya. Tinalemba kuti potulukira mpweya pakonzedwe kaye, kenako a injiniya aone ngati chipindacho chikufuna nyale za Ex zomwe zimapangidwira malo ophulika. Pakadali pano swichi ya nyaleyo taikhoma loko, ndipo ochaja akuwalitsidwa ndi nyale yomwe taimanga kunja kwa khomo.