Gawo la agogo mwa ine si 25 pa 100 ndendende

Meiosis, kugawikana kwa maselo kumene kumapanga mazira ndi umuna, yandilowa m'mutu tsopano, ndipo mtima wanga wakhala m'malo. Sindikunena zoloweza masitepe ake, prophase, metaphase ndi zinzakezo, poti aliyense wa Fomu 4 amazitchula ali m'tulo. Ndikunena za funso limene lakhala likundisowetsa mtendere: ine ndi mkulu wanga tinabadwa bere limodzi, bambo mmodzi, koma kumudzi kwathu ku Dedza aliyense akandiona amati “uyu ndiye watengera agogo ake,” kunena mayi awo a amayi, pomwe za iye sanena choncho. Zitheka bwanji, pamene masamu a m'kope amati mdzukulu aliyense amatenga 25 pa 100 kwa agogo ake aliyense?

Yankho lake ndi lakuti 25 imeneyo ndi avereji chabe. Chokhazikika ndi theka limene ndinatenga kwa amayi. Koma m'kati mwa thekalo, kuti zingati ndi za agogo aakazi ndipo zingati ndi za agogo aamuna, palibe anayeza pa sikelo. Amayi ali ndi mapeya 23 a ma chromosome, timaulusi ta m'maselo tonyamula DNA, imene ndi malangizo a chibadwa, pa peya iliyonse imodzi yochokera kwa mayi awo, inzake kwa bambo awo. M'dzira mumalowa imodzi yokha pa peya iliyonse, mwamwayi. Chulukitsani 2 ka 23, mupeza njira 8,388,608 zosiyana. Pamwamba pa zimenezo pali crossing over: ma chromosome awiriwo asanapatukane amayamba akumbatirana, n'kusinthana zidutswa. Ndiye nthawi zambiri chromosome imene inafika kwa ine si ya agogo aakazi yathunthu kapena ya agogo aamuna yathunthu, ndi yosokedwa kuchokera kwa onse awiri, ndipo masokedwe a yanga ndi osiyana ndi a mkulu wanga. Ine ndikhoza kukhala ndi gawo la agogo loposa 25, iye lochepera. Basi, nkhani yonse yagona pamenepo.

Chimene chinanditsegula maso ndi ulusi wolukira juzi. Ndinatenga wofiira kuimira agogo aakazi, wabuluu kuimira agogo aamuna, ndinaika tizingwe tiwiritiwiri pamphasa, kenako ndinkadula ndi lezala pamalo amodzi n'kumanga fundo, chofiira ku chabuluu. Ndikatola kamodzi pa peya iliyonse nditatsinzina, ndinkapeza “mwana” wofiira kwambiri. Ndikabwereza, wina wabuluu kwambiri. Ine ndikukhulupirira kuti palibe chithunzi cha m'buku, ngakhale vidiyo ya pa YouTube, chimene chingapose ulusi umenewu. Dzanja likadula lokha n'kumanga lokha, mutu suiwala. Mutu umenewu wa genetics, phunziro la zotengera kwa makolo, ukhoza kuphunzitsidwa ndi ulusi ndi lezala, ndipo amene akuvutika ndi phunziroli asiye kaye manotsi apite kumsika.

Tsono pali china chimene ndinachipeza powerenga mopitirira, chimene chandikhudza kuposa mayeso. Mazira a munthu wamkazi amayamba kupangidwa iye asanabadwe. Meiosis imayamba ali m'mimba mwa mayi ake, crossing over imachitika nthawi yomweyo, kenako zonse zimaima mpaka atatha msinkhu. Tanthauzo lake n'lakuti kudula ndi kusoka kuja, kumene kunakonza zimene amayi akanadzandipatsa, kunachitika amayi ali m'mimba mwa agogo. Agogo ankapita kudimba, kusenza nkhuni, ali ndi pakati pa mwana wamkazi amene m'thupi mwake munali kale chiyambi cha ine.

Ndikufunitsitsa kuti gawo langa la agogo likhale lalikulu, chifukwa munthu ameneyu ndimamusirira. Amayi amasimba za njala ya 2002, pamene anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, ena n'kumakolola chimanga chisanakhwime poopa akuba. Agogo anali ndi ngala za chimanga cha makolo zimene anamangirira kudenga la kukhitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Ana akulira, akuluakulu akuwanyengerera kuti angotsitsako pang'ono akasinje, iwo anakana. Phala la madeya ankagawana ndi ana a anthu oyandikana nawo, koma mbewu ija sanaikhudze. Nthawi yodzala itafika anaitsitsa, n'kutong'ola, n'kupatsako aliyense amene anabwera ndi mbale. Mpaka lero pakabuka mkangano pakhomo, iwo amangopitiriza zimene akuchita m'lichero, mutu uli pansi, onse alankhule mpaka mawu awathere. Akatero amati, “Khalani pansi, ana inu,” n'kunena mawu ochepa, ndipo mkangano umathera pomwepo. Sindinawamvepo akukweza mawu. Anthu akamati ndinawatengera, ndimalakalaka atamanena za mtima umenewu, osati mphumi ndi mpata wa m'mano zokha.

Mitochondria nayo inandisangalatsa, ngakhale m'kalasi timangoidziwa ngati popangira mphamvu. Ili ndi DNA yakeyake, ma gene 37 (tizigawo ta DNA tonyamula malangizo), ndipo imachokera kwa mayi yekha. Yanga ndi ya amayi, ya amayi ndi ya agogo. Amalume ali nayo yomweyo, koma ana awo alibe, anatenga ya mayi awo. Ndi mmene ife Achewa timawerengera mbumba: ine ndine wa mbumba ya amalume, ana awo obereka okha ndi a kwina. Sindikuti makolo ankadziwa za maselo, koma mzere ndi womwewo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi ndazifufuza ndekha usiku. Aphunzitsi athu anadutsa mutuwu mothamanga, maso ali pa kumaliza silabasi mayeso a MSCE asanafike. Anajambula Punnett square, kabokosi koonetsa zimene ana angatengere kwa makolo, T wamkulu ndi t wamng'ono oimira kutalika ndi kufupika, nsawawa zazitali ndi zazifupi za wasayansi Mendel, chaka cha 1866, lembani. Nditafunsa za agogo ndi adzukulu anandiyankha kuti zimenezo sizibwera pamayeso. Ndikumvetsa kuti kalasi ndi yodzaza ndipo nthawi ndi yochepa, koma kabokosi kameneko kamasocheretsa anthu. Kamagwira ntchito pa chinthu cholamulidwa ndi gene imodzi. Mwana wasukulu amatuluka akuganiza kuti kudekha nako kuli ndi chilembo chachikulu ndi chaching'ono, pamene ngakhale kutalika kwa munthu kumayendetsedwa ndi malo masauzande mu DNA, kuphatikizapo zimene anadya akukula. Nanga khalidwe? Ndipo tsopano mitu ina ikundidikira, evolution sindinaiyambe n'komwe, mapepala a mayeso akale ali mulu.

Apa ndi pamene ulusi wanga ukulephera kundiyankha. Ine ndinakulira pakhomo pa agogo, kugona nawo nyumba imodzi, kuwaona mmene amachitira munthu akawalankhula mwachipongwe. Mkulu wanga anatengedwa ali wamng'ono kukakhala kwa azakhali ku Lilongwe. Ndiye ngati ndilidi ndi kamtima kawo, kanadzera mu zidutswa zofiira zija, kapena ndinangoonera? Mwina zonse ziwiri, koma pa mlingo wanji? Akuti ofufuza amayerekeza mapasa oleredwa kosiyana kuti asiyanitse za chibadwa ndi za makulidwe, ndipo ndikufuna ndidzawerenge zimenezo mayeso akadutsa. Komanso sindikudziwa ngati ndili nako kudekhako, kapena achibale amangoona nkhope n'kumalizitsa okha. Njala ngati ija sinandiyesepo.